Barbara Strozzi: mafunso ndi mayankho okhudza moyo wake ndi nyimbo zake

Anthu amene angomva koyamba nyimbo za Barbara Strozzi, kaya pa YouTube kaya m'kalasi ya mbiri ya nyimbo, amafunsa zinthu zofananafanana. Mafunsowo tawaika pamodzi pano, kuyambira apafupi mpaka ozama.

Kodi Barbara Strozzi anali ndani?

Anali woimba komanso wopeka nyimbo wa mumzinda wa Venice, ku Italy. Anabatizidwa pa 6 Ogasiti 1619 m'tchalitchi cha Santa Sofia, m'dera la Cannaregio, ndipo anamwalira pa 11 Novembala 1677 ku Padua ali ndi zaka 58. Kuyambira 1644 mpaka 1664 anasindikiza mabuku 8 a nyimbo zake. Mwa mabukuwa, 7 alipo mpaka lero ndipo muli nyimbo zoposa 100, zonse zoimba pakamwa.

Chodabwitsa pa iye ndi chakuti anachita zonsezi wopanda bwana. Opeka nyimbo a nthawi imeneyo ankadyera kutchalitchi, kunyumba ya mfumu kapena kunyumba ya zisudzo. Barbara sanalembedwepo ntchito kulikonse mwa malo amenewa. Dzina lake linatchuka chifukwa cha makina osindikizira mabuku.

Akamati nyimbo za Baroque amatanthauza chiyani?

Ndi nyimbo za ku Ulaya za pakati pa 1600 ndi 1750. Ambiri amaidziwa nyengoyi chifukwa cha Bach, Handel ndi Vivaldi, koma amenewa ndi akumapeto. Vivaldi anabadwa mu 1678, Barbara atamwalira kale chaka chimodzi. Barbara ndi wa mbadwo wapakati, wotsatira Claudio Monteverdi, amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi cha San Marco ku Venice komweko kuyambira 1613 mpaka imfa yake mu 1643. Panthawiyo nzeru yatsopano inali yakuti munthu mmodzi aziimba yekha, zoimbira zochepa zikumuperekeza, kuti mawu a ndakatulo amveke bwino n'kukhudza mtima wa womvera.

Makolo ake anali ndani?

Amayi ake anali Isabella Garzoni, amene anakhala wantchito wa m'nyumba ya Giulio Strozzi kwa zaka zambiri. Giulio anali mlakatuli wodziwika, wa fuko la anthu olemekezeka a ku Florence. Ankalemba mawu a zisudzo zoimba, ndipo ena mwa mawu ake anawaikira nyimbo ndi Monteverdi weniweniyo.

Pa kaundula wa ubatizo, dzina la bambo silinalembedwe. M'chikalata chogawira chuma chake cha 1628, Giulio anatchula mwanayu kuti Barbara Valle. M'chikalata chake chomaliza cha 1650 anamutcha mwana wake wochita kusankha, ndipo anamusiyira zonse. Akatswiri ambiri a mbiri amati anali mwana wake womubereka yekha, wobadwira kunja kwa ukwati. Giulio nayenso anabadwa chimodzimodzi, bambo ake n'kumuvomereza pambuyo pake.

Barbara anakulira m'nyumba imeneyi, yodzaza mabuku ndi alendo okonda ndakatulo. Anapulumuka mliri wa makoswe wa 1630 mpaka 1631, umene unapha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse mu Venice.

Nanga nyimbo anaziphunzira kuti, popeza akazi sankaloledwa zambiri?

Anaphunzirira pakhomo. Mphunzitsi wake anali Francesco Cavalli, woimba wa ku San Marco amene pambuyo pake anadzakhala katswiri wamkulu wa opera (zisudzo zoimba) mu Venice. Izi sitikuchita kumva kwa ena: Barbara anazilemba yekha m'mawu oyamba a buku lake lachiwiri la 1651.

Asanakwanitse zaka 18 anali atadziwika kale ngati woimba. Nicolò Fontei anasindikiza mabuku awiri a nyimbo mu 1635 ndi 1636, otchedwa Bizzarrie poetiche, ndipo zambiri mwa nyimbozo anazipekera liwu la Barbara. Mawu ake ambiri anali a Giulio. Zikuonekeratu kuti bamboyo ankadziwa chimene akuchita. Mwana wamkazi wobadwa kunja kwa ukwati, wopanda chuma chokwanira chokwatiwira, analibe njira zambiri pamoyo, ndiye iye anamupatsa luso.

Kodi Accademia degli Unisoni chinali chiyani?

Mu Venice munali gulu lotchuka la anthu ophunzira lotchedwa Accademia degli Incogniti, limene anayambitsa Giovanni Francesco Loredan. Munali olemba mabuku, alakatuli ndi anthu olankhula mosaopa ansembe. Akazi sankalowamo. Choncho mu 1637 Giulio anayambitsa kagulu kena, Accademia degli Unisoni, kamene kankasonkhana m'nyumba mwake, ndipo pakati pa zonse panali Barbara. Iye ankaimba, ankapereka mutu woti anthu akambirane, nthawi zina n'kuweruza amene walankhula bwino. Zokambirana za misonkhano ina zinasindikizidwa mu 1638.

Mkangano umene umakumbukiridwa kwambiri unali wakuti, pa chikondi, chida champhamvu ndi chiti, misozi kapena nyimbo? Mbali ziwirizi analemba ndi Matteo Dandolo ndi Loredan, ndipo Barbara anawerenga zonse pamaso pa anthu. Nyimbo ndi imene inapambana. Iye anatseka nkhaniyo powauza abambowo kuti sakukayika chigamulo chawo, pakuti akanawaitana kuti adzamuonere akulira, osati kudzamumva akuimba, sakanabwera. Anali mtsikana wa zaka zosakwana 20 akuyankha choncho amuna achikulire ophunzira.

Kutchuka kumeneku kunabwera ndi mtengo wake. Onani funso la miseche m'munsimu.

Mabuku ake 8 aja ndi ati?

Loyamba ndi Il primo libro de madrigali la 1644, nyimbo za anthu awiri mpaka asanu, mawu onse a Giulio. Analipereka kwa Vittoria della Rovere, mkazi wa wolamulira Tuscany. M'mawu oyamba anavomereza kuti monga mkazi wachita zolimba mtima potulutsa bukulo, ndipo anapempha mayiyo kuti alitchinjirize ku mabodza amene adani anali atakonzeratu.

Kenako panadutsa zaka 7 osasindikiza kanthu. Lachiwiri, Cantate, ariette e duetti, linatuluka mu 1651 polemekeza ukwati wa mfumu yaikulu Ferdinand III wa ku Vienna ndi Eleonora Gonzaga wa ku Mantua. Lachitatu ndi la 1654. Lachinayi linasowa. Lachisanu, Sacri musicali affetti la 1655, ndi la nyimbo zauzimu, loperekedwa kwa Anna de' Medici wa ku Innsbruck. Lachisanu ndi chimodzi, Ariette a voce sola la 1657, analipereka kwa Francesco Carafa. Diporti di Euterpe la 1659 linapita kwa Nicolò Sagredo, amene mu 1675 anadzakhala doge, mtsogoleri wa dziko la Venice. Lomaliza, Arie la 1664, linaperekedwa kwa Sophia wa ku Brunswick-Lüneburg, mayi wa George I amene anadzakhala mfumu ya Britain.

Taonani zakazo. Giulio anamwalira mu 1652, ndipo mabuku ambiri anatuluka iye atapita kale. Amene amati Barbara ankangoyendera dzina la bambo ake ayambe ayang'ana pamenepo.

Bwanji buku lililonse ankalipereka kwa munthu wosiyana? Ndalama ankazipeza bwanji?

Unali mwambo wa nthawiyo kuti wolemba buku aike dzina la munthu wolemera patsamba loyamba, poyembekezera mphatso kapena ntchito. Amene anali ndi bwana wokhazikika ankabwereza dzina lomwelo. Barbara ankasinthasintha, kuchoka ku Florence kupita ku Vienna, Innsbruck mpaka ku Germany, ndipo ambiri amawerenga zimenezi ngati chizindikiro chakuti ankafunafuna womulemba ntchito koma sanamupeze.

Komabe sanali mmphawi wopemphetsa. Katswiri wa mbiri Beth Glixon, amene anafufuza m'nkhokwe za zikalata zakale za ku Venice m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti Barbara ankadziwa kuyendetsa khobidi. Anali ndi ndalama zimene anasungitsa kuboma kuti zizibala, ndipo ankabwereketsa ena. Mu 1642 anabwereketsa Giovanni Paolo Vidman, mnzake wa Giulio, ndalama za ducat zokwana 2,000, zodzabweza ndi chiwongoladzanja. Mu 1651, boma likukhometsa misonkho yolipirira nkhondo yolimbana ndi Turkey, analembera doge kupempha kuti amuchotsere msonkho, n'kutchula ana ake anayi ndi bambo wokalamba amene ankamudalira.

Nyimbo zake ndi zamtundu wanji?

Zambiri ndi za munthu mmodzi wa liwu la sopulano, zoti ziimbidwe m'chipinda pamaso pa anthu ochepa. Papepala pamakhala mizere iwiri yokha, wa woimba ndi wa besi. Woimba chida amawerenga besiyo n'kumadzipezera yekha makodi, monga amachitira wa kiyibodi kutchalitchi akapatsidwa chuni chokha. Kaimbidwe kameneka ndi kamene amati basso continuo. Zida zake kawirikawiri zimakhala harpsichord, imene ndi kiyibodi yakale ya nsambo, theorbo, imene ndi chida chonga gitala cha khosi lalitali, ndi viola da gamba, ya nsambo zokhwekhweza ndi uta imene woimba amaipanira m'miyendo. Nyimbo zochepa zili ndi mavayolini.

Pali mitundu itatu imene mudzakumana nayo. Arietta ndi kanyimbo kakafupi ka mavesi obwereza chuni chimodzi. Aria ndi yotalikirapo, nthawi zambiri yokhala ndi kolasi. Cantata ndi yaitali, ya zigawo zingapo, mmene woimba amasinthasintha: pena amakhala ngati akulankhula, pena akuimba momasuka, pena akulowa m'chuni chenicheni chokhala ndi kayendedwe kake. Luso la Barbara lagona pa malire a zigawo zimenezi. Samadikira kuti chigawo chithe bwinobwino. Ndakatulo ikasintha maganizo pakati pa mzere, nyimbo nayo imatembenukira pomwepo. Anakulira pakati pa alakatuli, ndipo zimamveka.

Olemba mbiri ena a ku England a m'zaka za m'ma 1700 anafika pomunena kuti ndiye anayambitsa cantata. Si zoona, ena anali atayamba kale, koma zikusonyeza kuti dzina lake linali logwirizana kwambiri ndi mtundu umenewu.

Ndiyambire nyimbo iti?

Yambani ndi Lagrime mie ya m'buku la 1659, mawu ake a Pietro Dolfin. Wolankhula m'nyimboyi ndi mwamuna amene wokondedwa wake, Lidia, watsekeredwa m'nyumba ndi bambo ake chifukwa chongomuyang'ana mwachifundo. Mwamunayo akufunsa misozi yake chifukwa chimene ikukanira kutuluka.

Mvetserani chiyambi chake mosamala. Besi imagwira noti imodzi osasuntha. Liwu limayambira pamwamba, n'kumatsika pang'onopang'ono pa silabulo yoyamba yomweyo, likunjenjemera, likukhulana ndi besiyo, ndipo penapake limadumpha mpata wachilendo umene khutu silimauyembekezera. Mawu oyambawo asanathe n'komwe, mwamva kale munthu akulira. Patsogolo pang'ono, pamene ndakatulo ikunena za ululu wobanikitsa mpweya, Barbara amaika kaduka pakati pa mawu, moti woimbayo amamveka ngati mpweya wamuthawa zenizeni. Kulira koyamba kuja kumabwereranso mkati mwa nyimbo, ndipo pobwerera kamapweteka kuposa poyamba chifukwa tsopano nkhani ya Lidia mukuidziwa. Nyimbo yonse imatenga mphindi zosakwana 10. Woimba wothamanga amaiwononga.

Mukatero pitani ku Che si può fare ya m'buku la 1664. Gawo lake lotchuka lamangidwa pa manoti anayi otsika a besi, obwerezedwa mosalekeza, pamene liwu likuzungulira pamwamba pake kudandaula kuti nyenyezi zilibe chifundo. Manoti anayi otsikawa anali chizindikiro cha maliro m'nyimbo za ku Venice, ndipo Monteverdi ndi Cavalli anawagwiritsanso ntchito. Yachitatu ikhale L'Eraclito amoroso ya 1651, ya munthu amene wokondedwa wake waphwanya lonjezo.

Ndiye kuti zonse ndi zachisoni?

Ayi. Amor dormiglione ndi yodzutsa kamulungu ka chikondi kamene kagona tulo pamene ntchito ilipo, ndipo woimba amakakalipira ngati kamwana kaulesi. L'astratto ya 1664 ndi yoseketsa kwambiri: munthu wosweka mtima akufuna nyimbo yoti imutonthoze, amayamba ina n'kuisiya, kuyamba ina n'kuinyoza, ndipo potero Barbara akuseka nyimbo zachikondi za nthawi yake, zake zomwe zili momwemo.

Palinso imodzi ya ndale, Sul Rodano severo. Ikunena za Henri de Cinq-Mars, mnyamata wapamtima wa mfumu Louis XIII ya France, amene anadulidwa mutu ku Lyon mu 1642 chifukwa chokonzera chiwembu Kadinala Richelieu, nduna yaikulu ya mfumuyo. M'nyimboyo mzimu wa mnyamatayo ukubwera kwa mfumu kudzadandaula, ndipo pomaliza zoimbira zimagunda noti mofulumira posonyeza mzinda wa Paris ukugwedezeka.

Anapekako nyimbo zamapemphero?

Inde, buku la 1655 lija. Muli nyimbo za m'Chilatini za munthu mmodzi, kuphatikizapo Salve Regina ndi zina zolemekeza oyera mtima. Kapekedwe kake ndi komwe kaja ka nyimbo zachikondi, kotentha komanso kotsata mawu. Nyimbo yake ina yauzimu ya anthu atatu inalowa m'buku la opeka osiyanasiyana lotchedwa Sacra corona la 1656, mmene mulinso nyimbo za Cavalli.

Bwanji sanapeke opera pamene ankakhala mu Venice?

Funsoli ndi lomveka. Nyumba yoyamba ya opera yolowa aliyense wolipira pakhomo, Teatro San Cassiano, inatsegulidwa mu Venice mu 1637, chaka chimene Unisoni inayamba. Mphunzitsi wake anali mwini bwalo pa opera. Bambo ake analemba mawu a La finta pazza ya 1641, imene inatchukitsa woimba wamkazi Anna Renzi. Khomo linali pafupi, koma Barbara sanapeke opera ndipo palibe umboni wakuti anaimbapo pa siteji.

Opera inali bizinesi ya amuna. Eni nyumba, oika ndalama ndi opeka nyimbo ankachita mapangano okhaokha, ndipo mkazi ankalowamo ngati woimba basi. Kutchalitchi cha San Marco nako akazi sankaimba. Mbali zapamwamba ankaimba anyamata ndi amuna ofulidwa ali ana kuti liwu lisasinthe. Malo amene anamutsalira anali chipinda chochezera ndi buku losindikizidwa. Ife omvera lero tinapindula nazo: nyimbo za ma opera ambiri a ku Venice a zaka zimenezo zinatayika chifukwa sizinasindikizidwe, pamene zake zilipo.

Anakwatiwa? Anali ndi ana?

Sanakwatiwe. Anali ndi ana anayi: Giulio Pietro, Isabella, Laura ndi Massimo. Atatu mwa iwo, mwinanso onse, bambo wawo anali Giovanni Paolo Vidman uja anabwereka ndalama, mwamuna wokwatira wa banja lolemera la amalonda, mnzake wa Giulio. Kwa iyeyu ndi kumene Giulio anapereka buku la mawu a La finta pazza. Vidman anamwalira mu 1648. Ana aakazi awiriwo analowa m'nyumba ya masisitere ya San Sepolcro mu 1656, ndipo Massimo nayenso analowa moyo wa chipembedzo. Ana oyambirira anabadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1640, choncho buku loyamba lija analikonza ali ndi makanda m'manja.

Nanga zoti anali mkazi wodyera mwa amuna olemera, ndi zoona?

Mphekesera imeneyi ili ndi magwero awiri. Loyamba ndi zolemba zachipongwe zimene anthu osadzitchula maina anafalitsa ponyoza Unisoni chakumapeto kwa zaka za m'ma 1630. Pa msonkhano wina Barbara anagawira amuna aja maluwa, ndipo wachipongweyo analemba kuti n'zabwino kugawa maluwa utagawa kale zipatso. Lachiwiri ndi chithunzi chimene anajambula Bernardo Strozzi, amene sanali m'bale wake ngakhale dzina likufanana. Chithunzicho chili ku Gemäldegalerie Alte Meister ku Dresden. Chikuonetsa mkazi wa maluwa m'tsitsi, bere limodzi lili pamtunda, atagwira viola da gamba ndi uta, patebulo pali vayolini ndi buku la nyimbo ya anthu awiri, ngati akudikira woimba naye. David ndi Ellen Rosand anafotokoza mu 1981 kuti mkaziyo ayenera kukhala Barbara.

Mu Venice munalidi akazi ophunzira, odziwa kuimba ndi kulakatula, amene ankasungidwa ndi amuna achuma. Pachifukwa chimenechi mkazi aliyense woimba pamaso pa amuna ankamuika m'gulu lomwelo, kaya ali momwemo kaya ayi. Zimene zikalata zikuonetsa ndi ubwenzi wa nthawi yaitali ndi mwamuna mmodzi, ana, ndi mayi woyendetsa yekha pakhomo. Chipongwe cha adani a bambo ake si umboni, ndipo ojambula a nthawiyo ankakonda kujambula akazi chotero poyerekezera milungu yaikazi ya m'nthano zakale. N'zotopetsa kuti nkhani zambiri za Barbara zimathera pa bere la pachithunzi, pamene za moyo wamseri wa amuna opeka nyimbo anzake palibe amafunsa.

Kodi anali mkazi yekhayo wopeka nyimbo panthawiyo?

Ayi ndithu. Maddalena Casulana anasindikiza buku lake la madrigal (nyimbo za ndakatulo zoimba anthu angapo) mu 1568, Barbara asanabadwe. Francesca Caccini ankalandira malipiro kunyumba yachifumu ya a Medici ku Florence, ndipo sewero lake loimba, La liberazione di Ruggiero la 1625, limatengedwa ngati opera yoyamba yopekedwa ndi mkazi. Masisitere nawo anali akatswiri: Chiara Margarita Cozzolani ku Milan, ndi Isabella Leonarda ku Novara amene anasindikiza mabuku pafupifupi 20. Ku France kunadzabwera Élisabeth Jacquet de La Guerre, amene opera yake inaonetsedwa ku Paris mu 1694. Kusiyana kwake n'kwakuti awa anali ndi mpanda wowateteza, wina nyumba ya mfumu, wina nyumba ya masisitere. Barbara analibe.

Moyo wake unatha bwanji, ndipo nyimbo zake zinadzukanso liti?

Pambuyo pa 1664 sanasindikizenso buku. Mu 1677 anapita ku Padua, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Venice, kumene anadwala n'kumwalira. Akuti anaikidwa kutchalitchi cha Eremitani. Sanasiye chikalata chogawira chuma, ndipo mwana wake Giulio Pietro ndi amene anatenga zamasiye.

Mabuku ake anakhala m'malaibulale zaka mazana atatu, akutchulidwa apo ndi apo koma osaimbidwa kwenikweni. Zinthu zinasintha mu 1978 pamene Ellen Rosand analemba kafukufuku wozama wa moyo ndi nyimbo zake. Oimba nyimbo zakale anayamba kuzijambula, ndipo mu 2019, pokumbukira zaka 400 chibadwire, zinaimbidwa m'makonsati m'maiko ambiri.

Ndimaimba kwaya. Kodi tingathe kuimba nyimbo zake, ndipo manoti tingawapeze kuti?

Cantata zija ndi za woimba mmodzi wophunzitsidwa bwino, wodziwa kusunga mpweya ndi kutchula Chitaliyana momveka. Kwa gulu, buku loyenera ndi la 1644. Muli nyimbo za anthu awiri, atatu, anayi ndi asanu, mwachitsanzo Silentio nocivo ya sopulano, alito, tena ndi besi. Zinapekedwa kuti mbali iliyonse aziimba munthu mmodzi, choncho kagulu kakang'ono kamamveka bwino kuposa kwaya ya anthu 40, ndipo pamafunika woimba kiyibodi kapena gitala wogwira mzere wa besi. Pa kiyibodi sankhani liwu la harpsichord kapena la limba lofatsa, ndipo ng'oma za m'makinamo muzizimitse, chifukwa liwiro la nyimbozi limatsata mawu.

Zithunzi za mabuku oyambirira komanso manoti olembedwanso mwamakono zikupezeka mwaulere pa IMSLP, tsamba la pa intaneti losunga manoti a nyimbo. Tengani olembedwa mwamakonowo, pakuti akale ali ndi zizindikiro zimene zingasokoneze ngakhale wodziwa kuwerenga manoti. Ngati gulu lanu limawerenga solofa yokha, pafunika wina woti awatembenuze, ndipo asamale ndi malo amene nyimbo ikusintha kiyi mwadzidzidzi, chifukwa kwa Barbara zimenezi zimachitika pafupipafupi. Musanayambe kuphunzira chuni, pezani tanthauzo la mzere uliwonse wa ndakatuloyo ndipo aliyense alilembe pansi pa manoti ake.